Dzina la a Lufeyo mu Sefa

Magetsi awa sabwera msanga, musamangoyang'ana babuyo. Onjezerani makala pambaulapo musendere kuno, ndikuuzeni chimene ine Idesi ndinasiyira ntchito yabwino ku Limbe. Ndikudziwa ena mumanong'onezana kuti anandichotsa chifukwa cha pakamwa pangapa. Pakamwa ndili napo ndithu, sindikukana, koma nkhani yake si imeneyo.

Kampani yathu inali yaing'ono, anthu asanu ndi awiri, ofesi yake pamwamba pa sitolo ya nsalu. Tinkapanga pulogalamu yotumiza mauthenga pafoni, yokumbutsa amayi oyembekezera tsiku lopita kusikelo. Anzangawo ankalemba khodi, ndiye kuti malangizo amene kompyuta imatsatira. Ine ndinali woyang'anira Sefa. Limeneli ndi dzina limene tinapatsa chida chofufuzira khodi. Chilichonse chimene munthu walemba chinkadutsa mmenemo, chidacho n'kufufuza zolakwika, kenako anthu awiri ovomerezeka n'kuwerenga ndi maso awo n'kusainira mayina awo. Popanda mayina awiri, khodi sinkatuluka kupita kumafoni a anthu. Lamulo limeneli anatiikira ndi a bungwe limene linatipatsa ntchitoyo, ndipo pa lamulo limeneli sankaseka ndi munthu.

Ntchito yanga inali yosavuta kuifotokoza. Wabwera watsopano, ndilowetse dzina lake. Wachoka wina, ndifufute. Kiyi yosainira ya wina yatha nthawi, ndimupangire ina. Lachisanu lililonse ndinkawerenga kaundula, mmene Sefa inkalemba yekhayekha amene watsegula chinthu, ndi nthawi yake. Ntchitoyi ndinkaidziwa ngati njira ya kudambo, ndipo palibe ankandiphunzitsa.

Osainira tinalipo awiri, ine ndi a Lufeyo Kamtedza. Anali bambo wa ku Dedza, wa imvi za m'mbali, wosathamanga pa chilichonse. Powerenga khodi ankayendetsa chala pagalasi la kompyuta mzere ndi mzere, ngati mwana wa sitandade wani. Tinkawaseka. Sinoya, mnzathu wolemba khodi mwachangu kuposa tonse, ankachita kuyenda uku ndi uku podikira siginecha yawo.

"Bambo, ndi mizere isanu yokha imeneyo, ingosainirani," Sinoya ankatero.

"Dzina langa si chidindo cha ku positi ofesi, achimwene," iwo ankayankha osatembenuka. "Chimene sindinachione sindichivomera."

A Lufeyo anamwalira mu Januwale, matenda a shuga. Tinakawaika kwawo ku Dedza. Lolemba lotsatira ndinatsegula mndandanda wa mayina kuti ndifufute lawo, monga mwa ntchito yanga, koma dzanja linalemera. Dothi la pamanda linali lisanaume, ndiye ine ndizifufuta munthu ngati pensulo? Abwana athu, a Chiwondo, anaima kumbuyo kwanga nati, "Lisiyeni kaye dzinalo, ndi ulemu." Tonse tinagwirizana kuti ndi ulemu. Chimene sitinatchule n'chakuti kuti wina alowe m'malo mwawo ankayenera kuphunzira ndi kulemba mayeso a bungwe lija, miyezi itatu yathunthu, ndipo a Chiwondo miyezi itatu analibe.

Lachitatu lake panapezeka vuto lofunika kulikonza tsiku lomwelo. Sinoya anakonza, ine ndinawerenga n'kusaina. Panatsala dzina lachiwiri. Kiyi ya a Lufeyo, kafulashi kakuda kokhala ndi chingwe chofiira, inali mudilowa yawo, ndipo nambala yawo yachinsinsi ndinkaidziwa chifukwa ndinawathandiza ndine kuiika. Ndinasomeka kiyiyo pakompyuta yanga n'kusaina kuti Lufeyo Kamtedza waona, wavomera. Mumtima ndinati kamodzi kokha. Koma paja tilawe tilawe anatha mphika. Pofika Seputembala ndinali nditasainira malemu maulendo oposa 150, ndipo mtima sunkagunda n'komwe. Palibe anandifunsa kuti dzina lachiwirilo likuchokera kuti. Onse ankadziwa, ndipo onse ankayang'ana kumbali.

Zodabwitsa sizinayambe usiku ayi, musayembekezere za akadzidzi. Zinkachitika dzuwa lili paliwombo. Ikakwana 12 koloko anzanga onse ankatsika kukadya tchipisi pachiwaya, ine n'kutsala ndekha chifukwa ndinkatenga chakudya kunyumba. Tsiku lina ndikudya, mpando wa a Lufeyo unalira pang'ono, monga umalirira munthu akakhalapo. Ndinayang'ana, mpando uli phee. Ndinati ndi kutentha, matabwa amatero. Mawa lake unaliranso nthawi yomweyo.

Kenako inali kiyi. Ndinkaisiya mudilowa yanga, koma masana ndinkaipeza patebulo la a Lufeyo, chingwe chake chitakulungidwa bwinobwino. Ndinakalipira Sinoya kuti asamagwire zinthu zanga. Iye anangotambasula manja.

"Asisi, ine kiyi ya malemu ndiigwire ndikufuna chiyani?"

Amene anandiopsa kwenikweni ndi mai amene ankatikolopera muofesi. M'mawa wina anandikokera pambali n'kundilozera kompyuta ya a Lufeyo, imene inali yozima chiyambire Januwale. Pagalasi lake panali mizere ya chala, yoyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, wina pansi pa unzake, mpaka pansi penipeni.

"Ndimapukuta m'mawa uliwonse," anatero maiwo motsitsa mawu. "Mawa lake ndimaipezanso. Kuyambira lero tebulo ili muzipukuta nokha, ine ndili ndi ana."

Ine ndinaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pamano. Lachisanu ndinawerenga kaundula mofatsa kuposa masiku onse, ndipo ndinaona chimene maso anga ankachidumpha miyezi yonseyi. Tsiku lililonse la ntchito, kuyambira 12 koloko mpaka 1 koloko, dzina la a Lufeyo linkatsegula khodi yakale. Silinkasaina kalikonse, linkangotsegula, n'kukhalapo ola lathunthu, n'kutseka. Linayambira pa khodi ya Lachitatu loyamba lija, n'kumatsata imodzi ndi imodzi mwa ndondomeko yake, zokhazokha zimene ine ndinasainira m'dzina lawo.

Ndine munthu wa makompyuta, choncho ndinaganiza za makompyuta. Ndinasintha nambala yachinsinsi. Kiyi ndinaiika m'chikwama changa, chikwamacho n'kuchikhalira. Lolemba masana ndinatsegula kaundula n'kumayang'ana. Itangokwana 12 koloko mpando uja unalira, ndipo mzere watsopano unatuluka pamaso panga: Lufeyo Kamtedza watsegula. M'chipindamo munali fungo lochepa la dothi lonyowa, chonsecho mvula inali itasiya kalekale. Sindinatembenuke. Ndinamaliza kudya mbatata yanga.

Ola litatha ndinapeza kuti pakhodi imene inatsegulidwayo pasiyidwa ndemanga yaifupi. Inkati: "Apa masiku awerengedwa ngati mwezi uliwonse uli ndi 30. Onaninso." Ndinaonanso, ndipo zinali zoona. Amayi ena ankalandira uthenga wa sikelo tsiku lawo litadutsa kale. Khodi imeneyo ndinaiwerenga ndine, n'kuisainira kawiri, ndipo cholakwikacho sindinachione. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo anaposa mantha.

Masiku omwewo ndinayamba kuona mai wina kutsidya kwa msewu. Ankaima pafupi ndi ogulitsa tomato, duku lakuda kumutu, maso ali pawindo lathu. Sankagula kanthu, sankakwera minibasi. Ankafika 12 koloko isanakwane, ikakwana 1 koloko n'kumapita. Sabata yachitatu ndinatopa nazo. Ine sindine munthu woonedwa ngati kanema, choncho ndinatsika n'kuwoloka msewu.

"Mwaswera bwanji, mai? Ndaona mumayang'ana ofesi yathu. Tikuthandizeni?"

"Ndaswera, kaya inu. Ndinu a Idesi? Ankakutchulani kunyumba. Ine ndine Anankhoma, mkazi wa a Lufeyo."

Sindinawazindikire chifukwa anali ataonda, ndipo pamaliro paja nkhope yawo inali m'chitenje. Ndinawapempha kuti tikwere kuofesi, koma anakana. Tinakhala pakhonde la sitolo yotseka.

"Ndakhala ndikufuna kukwera, mphamvu n'kumandithera pamsewu pano," anatero. "Funso langa ndi limodzi. Kodi kuntchito kuno munawauza bambo kuti ntchito inatha?"

"Kuwauza bwanji, mai?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. "Potenga thupi kuchipatala, alamu anga anawauza kuti tikunyamuka. Pa Zalewa galimoto inaima, anawauza kuti tikuwoloka Shire. Pofika pamudzi anawauza kuti mwafika kwanu. Munthu sumangomunyamula ngati thumba la chimanga, umamuuza. Ife mbali yathu tinachita. Nanga kuno, kumene anakhala zaka khumi ndi ziwiri, anawauza ndani?"

Iwo anapitiriza, mawu awo osakwera.

"M'mawa uliwonse chitseko cha mpanda chimalira, nthawi imene ankanyamukira. Madzulo mpando wa pakhonde umalira, ndipo ndimamva munthu akupuma movutikira, kupuma kwa munthu wotopa. Loweruka ndi Lamulungu kuli zii. Akuchimuna aika kawiri tsiku loti adzandisudzule. Ulendo woyamba amalume awo oyankhula mawu anauma pakhosi. Wachiwiri galimoto inafera panjira. Ine ndikudziwa chifukwa chake. Sangandimasule ine, mwini wake asanamasulidwe. Bambo aja anavutika ndi matenda zaka zisanu, a Idesi. Ndikufuna apume."

Ndikanatha kuwanamiza, pakuti za makiyi ndi Sefa sankazidziwa. Koma ndinawauza zonse, kuyambira Lachitatu lija. Ndinkayembekezera kuti andilalatira pamaso pa ogulitsa tomato. Iwo anangokonza duku lawo.

"Ndiye kuti mwawasandutsa ndondocha," anatero, "popanda ndi mankhwala omwe."

Mawu amenewo anandilasa, ndipo mpaka lero amandilasa. Ndinakwera masitepe mothamanga, n'kutsegula mndandanda wa mayina, n'kusankha la a Lufeyo kuti ndilifufute. Sefa inakana. Uthenga wake m'Chichewa ungamveke chonchi: munthuyu ali ndi ntchito 97 zosamaliza. Uthenga woterewu ndinkaudziwa, umabwera ukafuna kuchotsa munthu amene wapatsidwa zoti awerenge. Koma a Lufeyo palibe anawapatsa kanthu. Ndinawerenga m'kaundula zimene ndinasainira m'dzina lawo, n'kuchotsapo zimene dzinalo linali litatsegula kale. Zinatsala 97 ndendende.

Apo m'pamene ndinamvetsa. Palibe anawamanga ndi chingwe bambo aja. Chinawamanga ndi khalidwe lawo lomwe lija. Dzina lawo linali pazinthu zimene sanazione, ndiye ankabwera kudzaziona. Iwo ankawerenga imodzi pa tsiku, mwina theka, ndi chala chawo chija, pamene ine ndinkawaunjikira zina sabata iliyonse. Sakanamaliza mpaka kalekale.

Tsono ndikuuzeni, njira yachidule inalipo. Woyang'anira ngati ine angathe kulowa kuseri kwa Sefa n'kuzula dzina mokakamiza, uthenga uja osaumvera. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri. A Chiwondo nditawafotokozera, ananena zomwezo.

"Zulani dzinalo, nkhani ithe. Za mizimuzo musazitchulenso muno."

"Ndikazula, bwana, siginecha zawo zitsala pomwepo. Azibwerabe, koma pakhomo atatsekeredwa. Njira ndi imodzi: khodi iliyonse iwerengedwenso ndi anthu awiri amoyo, dzina lawo lichokepo, palowe athu."

"Mukudziwa kuti mukatero a bungwe aona m'kaundula kuti munthu wakufa wakhala akusaina miyezi isanu ndi itatu?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukudziwanso kuti afuna munthu woti achoke."

"Musavutike kumusaka, bwana. Kiyi ndinkasomeka ndine."

Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Ndikanatha kuwakumbutsa amene anati dzinalo lisiyidwe, koma ndinawaleka. Anthu asanu ndi mmodzi ankadyera pakampani imeneyo, ndipo akanagwa a Chiwondo onse akanagwa nawo. Kalata yopita kubungwe ndinalemba ndekha, n'kusaina dzina langa lokha. Anayankha patapita masiku anayi. Analola Sinoya kukhala wosainira wachiwiri mongoyembekezera, analamula kuti zonse ziwerengedwenso, ndipo anati ntchitoyo ikatha ine ndisadzagwirenso Sefa.

Tinawerenga masabata asanu ndi imodzi, ine ndi Sinoya, osati 97 zokha koma zonse kuyambira pachiyambi. Sinoya uja wothamanga anaphunzira kufatsa. Tinapeza zolakwika zina zinayi, chimodzi choti amayi a m'boma lina lonse sankalandira uthenga wachiwiri. Masana Sinoya sankatsikanso kukadya. Mpando ukalira, Sinoya ankasiya kulemba n'kunena motsitsa, "Mwaswera bwanji, bambo," kenako n'kupitiriza. Nambala ya 97 ija inkatsika tsiku ndi tsiku. Masiku ena inkatsika kuposa zimene ife awiri tawerenga, ndipo sitinkafunsana.

Inafika pa ziro Lachinayi madzulo. Ndinaimbira Anankhoma kuti abwere mawa lake masana, ndipo ulendo uno anakwera. Tonse tinaimirira mozungulira tebulo la a Lufeyo, ndi mai okolopa omwe, amene anaima pafupi ndi chitseko. Mawu ankayenera kuyankhula ndi abwana, koma a Chiwondo atatsegula pakamwa panangotuluka mpweya. Ndinayankhula ndine.

"A Lufeyo Kamtedza, ndine Idesi. Ndinatenga dzina lanu osakupemphani, ndinalakwa, mundikhululukire. Zonse zimene zinali m'dzina lanu zawerengedwa, ndipo tazisenza ife. Kuno kulibenso chanu. Ntchito yatha, bambo, werukani. Mai ali pano, abwera kudzakutengani."

Ndinasankha dzinalo n'kudina. Sefa inangofunsa ngati ndatsimikiza, monga imafunsira pa munthu wina aliyense, ndipo ndinavomera. Dzina linachoka. Sikunagwe mphezi, chitseko sichinamenyeke. Kungoti phokoso la mumsewu, mahutala ndi oitanira minibasi, linamveka bwino kwambiri, ngati wina watsegula windo. Mai okolopa anapita kukatenga kansanza kawo n'kupukuta tebulo lija osauzidwa.

Limenelo linalinso tsiku langa lomaliza. Ndinapereka makiyi a ofesi kwa a Chiwondo, koma mphamvu zanga mu Sefa zinali zoti zithe 5 koloko. Ndinaperekeza Anankhoma. Tili pakati pa masitepe anaima, n'kugwira dzanja langa mwamphamvu. Anali akulira mopanda phokoso.

"A Idesi, ndinkafuna apume, Mulungu akudziwa. Koma miyezi yonseyi madzulo ndinkakhala pakhonde ndili ndi wondikhalira pafupi. Lero ndikafika ndikakhala ndekha." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Kodi simungalibwezeremo dzinalo? Osati zambiri ayi. Kamodzi pamwezi, kanthu kakang'ono, kongoti abwere adzaone."

Tsono mverani. Mu Sefa, dzina lofufutidwa silitheratu nthawi yomweyo. Limakhala pamalo ena masiku makumi atatu, kuti ngati woyang'anira walakwitsa alibweze. Kudina kamodzi kokha, ndipo ndinali ndidakali ndi maola anayi. Ndinawayang'ana mai aja, woonda, dzanja lawo lili m'langa, ndipo ndinawamvera chisoni chimene sindinamverepo munthu.

"Sizitheka, mai," ndinatero. "Likachoka lachoka."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinawakweza minibasi ya ku Bangwe, n'kudikira mpaka itakhota. Kenako ndinakweranso masitepe, n'kutsegula malo aja osungira mayina ofufutidwa, n'kulichotsamo ndi dzanja langa kuti pasadzapezeke wina womva chisoni ngati ine. Mabodza ndinanena ambiri chaka chimenecho, oposa 150, ndipo onse ndimachita nawo manyazi. La pamasitepe lokhalo ndi limene ndingalinenenso mawa.